Musanalipire mphunzitsi wa agalu: zimene zinationekera ndi Sajeni ku Harare

Galu tinamutenga chifukwa cha akuba. M'chaka cha 2022, usiku wina ine ndili ku ntchito, anthu analumpha durawall, mpanda wa simenti, kwathu ku Dzivarasekwa n'kunyamula batire la sola, silinda ya gasi ndi njinga ya mwana. Mayi a Chisomo ankawamva bwinobwino akuyenda panja, koma anangokhala duu m'chipinda atakumbatira ana mpaka kunacha. Ine ndimalondera nyumba yosungiramo katundu ku Msasa, choncho masiku ambiri usiku pakhomo pamakhala popanda mwamuna. M'mawa mwake, nditaona nkhope ya mkazi wanga, ndinati zivute zitani tipeza galu. Panalinso chifukwa china. Kuntchito kwathu alonda oyenda ndi agalu amalandira zochulukirapo kuposa ife a ndodo ndi tochi, ndiye ndinkaganiza kuti ndikaphunzira kugwira galu, pakhomo padzatetezeka ndipo malipiro nawo adzakwera.

Kagaluko tinakagula madola 80 kwa bambo wina amene ndinamupeza pa gulu la WhatsApp. Anati bambo wa kagaluko ndi wa mtundu wa Boerboel, mayi wake German Shepherd, ndipo kanali ndi miyezi isanu. Tinakapeza m'khola la waya kuseri kwa nyumba, mwini wake akunyadira kuti chibadwire sikanatulukepo kunja kwa geti, "kuti kasazolowere anthu." Titakanyamula kanakodza pomwepo, n'kumanjenjemera njira yonse. Ana anakatcha Sajeni.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti galu amaphunzira ali wakhanda kuti dziko lino ndi loopsa kapena ayi, kuyambira pa masabata 3 mpaka cha m'ma 12. Akatswiri awiri a ku America, John Paul Scott ndi John Fuller, anafufuza zimenezi kwa zaka zambiri n'kutulutsa zotsatira zake mu 1965. Kagalu kamene pa nthawi imeneyi sikanaone ana, alendo, njinga ndi phokoso la pamsewu kamakula ndi mantha, ndipo galu wamantha saopseza akuba okha, amaluma ngakhale a pakhomo. Mukamagula kagalu, funsani kuti kakulira pati ndipo kaonapo ndani.

Sajeni atakwanitsa miyezi 9 anali chimphona. Mumsewu ankandikoka mpaka phewa kuwawa, ndipo akaona munthu wachilendo ankabwerera m'mbuyo uku akulira chapakhosi, kudzuma kuja kochenjeza. Pa Facebook ndinaona chilengezo cha maphunziro a agalu. Panali zithunzi za agalu akudumpha mipanda, wina ataluma mkono wokutidwa ndi chiguduli, ndi bambo wa jombo zakuda ataima pakati. Analemba kuti masabata 6, galu pamodzi ndi mwini wake, kumapeto satifiketi. Mtengo unali madola 150, kuwonjezapo 25 ya unyolo wothina pakhosi ndi 20 ya satifiketiyo. Ndalamazo zinali za chipereganyu cha mayi a Chisomo, zimene ankafuna kuwonjezera pa geni yawo ya tomato ndi masamba. Ndinatumiza zonse pafoni, pa EcoCash, ndisanaone phunziro ndi limodzi lomwe. Inu musatero. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake sakukanizani kubwera kaye opanda galu, kukhala pambali n'kuonerera, kenako kukaganiza kunyumba.

Tinkakumana Lamlungu masana pa bwalo lina la mpira. Kombi, minibasi za kuno, salola galu wamkulu chonchi, ndiye ulendo uliwonse ndinkalipira madola 10 kwa mnzanga wa kagalimoto ka katundu, ndalama imene sindinaiwerengere poyamba. Agalu anali ambiri ndithu, aakulu ndi ana omwe, koma mphunzitsi anali mmodzi ndi kamnyamata komuthandiza. Palibe anafunsa khadi la katemera. Palibe anafunsa kuti galu amadya chiyani, amagona pati, kapena ngati pakhomo pali ana.

Mphunzitsiyo anali ndi galu wake womvera modabwitsa. Akati khala, wakhala kale. Akati gona, wagona kale. Tonse tinkachita kaso. Koma pali chimodzi chimene ndinachiona ndi maso angawa osachimvetsa. Bamboyo atakweza dzanja kuti akonze chipewa, galuyo anaphwatalala pansi, makutu atamatirira kumutu, maso atatsinzina. Ife tinaomba m'manja poganiza kuti umenewo ndi ulemu. Lero ndikudziwa kuti galu wochita chonchi dzanja likangokwera amakhala kuti dzanjalo lakhala likumugwera.

Chiphunzitso chake chinali chimodzi: galu ndi mmbulu, pakhomo pamafunika alpha mmodzi, kutanthauza mtsogoleri woopedwa ndi onse, ndipo ukapanda kumugonjetsa iye akugonjetsa. Tsiku loyamba anayandikira Sajeni mwachindunji, atamuyang'ana m'maso, Sajeni n'kudzuma. Bamboyo anandilanda chingwe, anakoka unyolo m'mwamba mpaka miyendo yakutsogolo kulenjekeka, kenako anamugwetsa chagada n'kumukanikiza khosi ndi bondo. Sajeni anadziipitsira pomwepo. "Waona? Tsopano wamudziwa bwana," anatero akundibwezera chingwe. Mtima unandipweteka kwambiri, koma ndalama ndinali nditalipira kale, ndipo anzanga onse ankagwedeza mitu movomereza. Nditafunsa kuti kodi palibe njira ina, anandiyankha kuti wakhala akuchita zimenezi zaka 15. Yankho lake pa funso lililonse linali lomweli. Sanafotokozepo chifukwa cha chinthu, sanatchulepo amene anamuphunzitsa.

Ntchito ya kunyumba inali yoti masana Sajeni azikhala pa unyolo kuseri, titamutchinga ndi malata kuti asaone munthu, ndizimupatsa chakudya ine ndekha, ndipo akangodzuma ndizimumenya pamphuno. Pabwalo, kamnyamata kaja kankamuputa ndi thumba ndi ndodo kuti akwiye. Ena m'gululo ankalangizana zothira tsabola m'chakudya kuti galu aluse. Zimenezo ndinakana, koma zina zonse ndinatsata.

Pofika sabata yomaliza Sajeni ankakhala, kugona ndi kuyenda pambali panga. Kudzuma anasiyiratu. Ndinalandira satifiketi ya mizere yagolide ndi mutu wa galu pamwamba, yopanda adiresi, yopanda nambala iliyonse. Ndinapita nayo kwa oyang'anira alonda a agalu kuntchito. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti galu akatenthedwa kwambiri ndi dzuwa ndingamudziwe bwanji, nanga akakana kudya ndingayang'ane chiyani choyamba. Ndinasowa chonena. Anandibwezera pepalalo mwaulemu n'kunena kuti siliwauza kanthu za zimene ndikudziwa. Ndinatuluka ndi manyazi, ndikuwerenga mumtima ndalama za geni ya mkazi wanga.

Kunyumba mayi a Chisomo ndi amene anayamba kuona kusintha. "Bambo a Chisomo, galuyu sali bwino," ankatero. Ankapukusa mutu pafupipafupi, kukanda khutu lakumanzere, ndipo ndikangogwira unyolo ankabisala kuseri kwa malata. Ndikabwera kuchokera ku ntchito sankandithamangiranso. Ndinamuimbira mphunzitsi uja, iye n'kunena kuti ndiye kuti galuyo wakhwima, ndisadandaule.

Pa Khirisimasi mlongo wanga anabwera kuchokera ku Mufakose ndi banja lake. Akuluakulu tinali kutsogolo, ana akusewera. Mwana wake wamkazi wa zaka 7 anatenga kanyama m'mbale yake n'kupita nako kuseri kuti akapatse Sajeni, ndipo atamupatsa anamusisita mutu, mbali ya khutu lija. Sitinamve kuuwa kapena kudzuma. Tinangomva mwana akukuwa, "Malume! Malume!" Anali atalumidwa pamkono, mabala awiri akuya ndi ena ang'onoang'ono. Sajeni anali atamusiya kale, atadzipanikiza pakona akunjenjemera.

Mayi wina woyandikana nafe, amene amagwira ntchito kuchipatala, ndi amene anatithandiza maganizo, chifukwa ife tinkangothamanga uku ndi uku. Anati bala la galu limatsukidwa ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu munthu asanapite kulikonse. Pampopi madzi kunalibe, ndiye tinkathira a m'zigubu ndi kapu, wina akupaka sopo, mwana akulira, mayi ake atamugwira mutu. Mphindi 15 zimatalika zedi mwana akamalira, koma musazidule, chifukwa kutsuka kumeneku kumachepetsa kwambiri ngozi ya chiwewe. Ndipo chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka.

Kuchipatala anafunsa khadi la katemera la galu. Limene anandipatsa wogulitsa uja linali lolembedwa pamanja, lopanda chidindo, lopanda dzina la dokotala wa ziweto, choncho anangomutenga Sajeni ngati wosabayidwa. Mwana anafunika majakisoni angapo a chiwewe pa masiku otalikirana, jakisoni wa kafumbata ndi mankhwala oteteza bala kuti lisaole. Mabala sanawasoke, anati a galu nthawi zambiri amawasiya kaye otsegula. Katemera wa chiwewe tsiku limenelo panalibe pamenepo, tinachita kukamusaka m'mafamase a m'tauni pa tsiku la tchuthi. Zonse pamodzi ndi mayendedwe zinafika pafupifupi madola 180, ndipo analipira ndi alamu anga chifukwa ine ndinalibe. Anatiuzanso kuti galuyo tisamuphe msanga, timuyang'anire masiku 10, chifukwa akakhalabe wathanzi pofika pamenepo ndiye kuti pa tsiku loluma sankafalitsa chiwewe.

Masiku amenewo anali owawa. Alamu anandiuza mosapita m'mbali: "Alamu, galu ameneyu aphedwe basi." Mlongo wanga anangoti, "Achimwene, mukanatichenjeza." Sindinawaone kulakwa. Nditamuimbira mphunzitsi uja, anati ndamulekerera galuyo, ndibwere naye ku kosi yapamwamba ya madola 100 kuti amuthyole bwinobwino. Nditafunsa kuti n'chifukwa chiyani analuma osachenjeza, foni inaduka, ndipo kuyambira pamenepo sanayankhenso.

Mu January 2023 ndinapita ndi Sajeni kwa dokotala wa ziweto, cholinga changa chili choti amubaye jakisoni wogonetsa mpaka kalekale. Dokotalayo, mtsikana amene anaphunzira ku University of Zimbabwe, anandipempha kuti amuyeze kaye. Sajeni sankalola kugwiridwa, anachita kumugonetsa tulo. Ndiye anandiitana kuti ndione ndekha. M'khutu lakumanzere munali motupa, mofiira, modzaza mafinya onunkha, ndipo anati matendawa akhalamo nthawi yaitali. Atapatula ubweya wa m'khosi, panali zilonda zozungulira pamene pankadutsa unyolo. Ndinalira pamaso pa mwana wa eni. Galuyo anakhala akumva ululu miyezi yonseyi, ndipo njira yokhayo yonenera kuti "musandigwire apa" ndinali nditamuletsa ndi manja anga.

Ndinalipira madola 70, kuphatikizapo katemera weniweni wa chiwewe ndi khadi lokhala ndi chidindo. Dokotalayo sanandinamize. Anati ngati pakhomo sitingathe kulekanitsa galuyo ndi ana nthawi zonse, kumugonetsa si tchimo, ndipo chisankho ndi chathu. Koma anandipatsa nambala ya mayi wina amene anaphunzira za khalidwe la zinyama, kuti ndimve kaye maganizo ake. Tinakambirana usiku wonse ndi mayi a Chisomo, ndipo iwo ndi amene anati tiyese.

Mayiwo anabwera kunyumba, chifukwa anati vuto la galu limaonekera kumene amakhala. Ulendowo unali madola 40. Anabwera ndi agogo ena a imvi, amene atamva mkazi wanga akukalipira ana m'Chichewa anamwetulira n'kutilonjera m'chinenero chathu. Kwawo ndi ku Dedza, koma anabwera kuno ali mnyamata ndipo moyo wawo wonse agwira ntchito m'makola a agalu. Mayiwo anakhala pampando ndi kabuku, n'kuyamba mafunso. Anakulira pati? Amagona maola angati? Mwana anamugwira mbali iti? Patsikulo panali anthu angati, panali wailesi, anali atadya? Mumachita chiyani akalakwitsa? Ola linatha asanamukhudze galuyo. Mumtima ndinayamba kunyinyirika kuti ndalipira madola 40 kuti tizingocheza.

Kenako agogo aja anapempha kuti tipite kuseri. Sanalunjike kwa Sajeni. Anakhala pa chidebe chapatali ndithu, atatembenukira kumbali, maso ali pansi, n'kutulutsa m'thumba tizidutswa ta chiwindi chophika. Ankaponya kachidutswa kupitirira galuyo, kuseri kwake, kuti potola aziyenda motalikira iwo, osati mowayandikira. "Bambo a Chisomo, musayang'ane mano, yang'anani thupi lonse," anandinong'oneza. "Mwaona wanyambita mphuno pamene sanadye kanthu? Mwaona wayasamula pamene alibe tulo? Taonani maso, mutu wautembenuza koma diso likadali pa ine, choyera cha diso chikuoneka. Onsewo ndi mawu. Akuti ndikuopa, talikirani." Nditasuntha phazi, Sajeni anauma thupi lonse, pakamwa n'kutseka. Agogo anakweza chala kuti ndiime. "Apo ndiye pomaliza. Pambuyo pa apo pamabwera kudzuma, pambuyo pa kudzuma mano. Inu munachotsa kudzumako, ndiye kuchoka apa amangodumphira ku mano." Patapita nthawi Sajeni anabwera yekha, ananunkhiza nsapato yawo n'kubwerera. Agogo sanatambasule dzanja. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero akunyamuka pang'onopang'ono.

Mayi aja ndi amene anandifotokozera kumene nkhani ya alpha inachokera. Mu 1947 katswiri wina, Rudolf Schenkel, analemba za mimbulu imene ankaiona itatsekeredwa kumalo osungira zinyama ku Basel, ku Switzerland. Inali mimbulu yosabadwira pamodzi, yopanikizidwa malo amodzi, ndiye inkamenyana. Anthu anatengera zimenezo kwa agalu. Koma mu 1999 David Mech, amene anakhala zaka akuonerera mimbulu yakutchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, analemba kuti gulu la mimbulu kwenikweni ndi banja, makolo ndi ana awo, ndipo silitsogoleredwa ndi ndewu. Anandiuzanso za Pavlov wa ku Russia, amene anaonetsa kuti galu amalumikiza zinthu zimene zimabwera motsatizana. Kwa Sajeni, mlendo ankabwera limodzi ndi kutsamwitsidwa ndi unyolo, ndiye mlendo aliyense anasanduka chizindikiro cha ululu. Ntchito yathu inali yoti mlendo ndi mwana azibwera limodzi ndi chiwindi. Anawonjeza kuti mu 2021 bungwe la madokotala a khalidwe la zinyama ku America, AVSAB, linanena poyera kuti agalu aziphunzitsidwa ndi mphotho, osati ndi zowawa, ngakhale agalu olusa.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si mayina amenewa ayi. Ndi zimene anakana kundilonjeza. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, kodi adzachira m'masabata angati?" Anandiyankha kuti sangapereke tsiku, ndipo Sajeni sadzakhala galu wosiyidwa yekha ndi ana moyo wake wonse. Anati angathe kuchepetsa mantha ake ndi kutiphunzitsa ife kumuwerenga, basi. Pa nkhani ya akuba anati chimene pakhomo pamafunika ndi galu wouwa, ndipo Sajeni amauwa kale popanda kuphunzitsidwa. Agalu ophunzitsidwa kugwira munthu amasankhidwa mwa odekha ndi olimba mtima, otha kusiya akauzidwa, osati mwa amantha ngati iye. Kuputa galu wamantha ndi ndodo sikumupanga kukhala mlonda, kumangomupanga woopsa kwa aliyense.

Choyamba sichinali kuphunzitsa galu, chinali kukonza pakhomo. Unyolo tinauchotsa. Tinamanga mpanda wa waya mbali imodzi ya nyumba, wokhala ndi geti lokhoma ndi loko, pamthunzi, pamene angaone pabwalo popanda mwana kumufikira. Waya, mapolo ndi simenti zinadya madola 120, ndipo tinamanga pang'onopang'ono malinga ndi malipiro. Panafunikanso muzzle, chotchinga kukamwa cha mipata chimene galu amatha kupuma momasuka, kumwa madzi ndi kulandira chakudya atavala. Cha saizi ya mutu wa Sajeni sitinachipeze m'masitolo amene tinayendamo, ndiye tinaitanitsa ku South Africa kudzera mwa wachibale, n'kukachilandira ku siteshoni ya mabasi ya Roadport patatha pafupifupi mwezi. Ngakhale chitafika sitinangomuveka. Tinkaika chiwindi mkati kuti alowetse mphuno yekha, lero pang'ono, mawa pang'ono, mpaka anayamba kuchithamangira akachiona.

Maphunziro ake anali madola 15 pa ulendo, ndipo amene ankaphunzitsidwa kwenikweni ndinali ine ndi mayi a Chisomo. Mayi aja ankaima pambali, chingwe chili m'manja mwathu. Galu akachita chabwino tinkanena "eya" nthawi yomweyo, kenako chiwindi kapena kapenta. Ukachedwa ngakhale pang'ono, galu saona kuti wayamikiridwa pa chiyani, ndipo apa ndi pamene ankandikonza kwambiri. Kunyumba tinkachita mphindi zisanu zokha, kangapo pa tsiku. Za ana tinayambira patali kwambiri, kunja kwa bwalo la masewera, Sajeni atavala muzzle. Akaona mwana, chiwindi. Mwana akachoka, chiwindi chatha. Akakana kudya, ndiye kuti tayandikira kwambiri, tibwerere m'mbuyo. Akadzuma, sitinkamukalipira, tinkamuchotsa pamalopo.

Sizinayende mowongoka ayi. Miyezi ina ndalama inkasowa, tinkaima. Khutu linadzayambiranso, tinabwerera kwa dokotala. Tsiku lina wowerenga mita ya madzi analowa mwadzidzidzi geti la mpanda lili lotsegula, Sajeni n'kumuthamangitsa mpaka pamsewu. Sanamulume, koma kwa masabata angapo pambuyo pake anabwerera m'mbuyo kwambiri, ndipo ine ndinatsala pang'ono kusiya. Nditawaimbira mayi aja sanandinyoze, komanso sanandinyengerere. Anati vuto ndi geti, tigule loko yodzitseka yokha, n'kundiuza pobwerera kuti tiyambirenso. Zinatenga pafupifupi chaka kuti ndiziyenda naye mumsewu wa kwathu ana akuchokera kusukulu iye osauma thupi. Ndikawerengera zonse, kuyambira kosi yoyamba, chipatala cha mwana, dokotala wa ziweto, mpanda ndi maphunziro achiwiri, zimadutsa madola 800.

Anthu a ku tchalitchi kwathu ndi anzanga a kuntchito amandifunsa tsopano kuti mphunzitsi wabwino angamudziwe bwanji. Dokotala wa ziweto kuno amayenera kulembetsa ku Council of Veterinary Surgeons of Zimbabwe, koma pepala la mphunzitsi wa agalu munthu angathe kungolisindikiza pa kompyuta, ngati lija ndinapatsidwa ine. Pali mabungwe akunja amene amayesa aphunzitsi, monga CCPDT ya ku America imene imafuna maola 300 a ntchito ndi mayeso, ndipo dzina la munthu mungathe kulifufuza pa intaneti. Wina akatchula bungwe, fufuzani. Komabe sindinganene kuti pepala ndiye zonse, chifukwa agogo a ku Dedza aja alibe ndi limodzi lomwe, koma amawerenga galu kuposa aliyense amene ndinamuona. Mayi aja ankawafunsa maganizo pamaso pathu, ndipo iwonso ankafunsa mayiwo pa zimene zinali za m'mabuku.

Funso limene ndimauza anthu kuti afunse ndi ili: galu wanga akalakwitsa, mudzamuchita chiyani? Mvetserani bwino yankho lake. Mufunsenso kuti anaphunzira kwa ndani, ndipo ndi vuto liti limene iye amalitumiza kwa dokotala. Amene amati aliyense amamukonza m'masabata 6 ndi woti mumuthawe. Mukapita kukaonerera, musatengeke ndi galu wa mphunzitsi, yang'anani agalu a ophunzira. Kodi michira ili pakati pa miyendo? Kodi akudya akapatsidwa? Kodi mphunzitsi akufunsa makadi a katemera asanasakanize agalu, poti nthenda ya parvo imapha ana a agalu ambiri? Ngati akukanizani kukhalapo, akuti musiye galu mudzamutenge atakonzeka, funsani chifukwa chake. Ndipo mukaona galu akupachikidwa pa unyolo ngati mmene anachitira Sajeni, dziwani kuti dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza kwa zinyama, Prevention of Cruelty to Animals Act, ndipo a ZNSPCA, bungwe loteteza zinyama ku nkhanza kuno ku Zimbabwe, amalandira madandaulo otere. Galu wanu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, yambani ndi dokotala musanapite kwa mphunzitsi aliyense.

Sajeni alipo. Usiku amauwa munthu akayandikira durawall, ndipo chibwerere chake akuba sanalowenso. Alendo akamabwera timamulowetsa mumpanda wake asanafike, loko n'kukhoma, kiyi amasunga mayi a Chisomo. Ntchito ya agalu kuntchito sindinaipezebe, koma oyang'anira aja anandilola kuti Loweruka ndizithandiza kutsuka makola ndi kuyendetsa agalu, ndipo akuti akadzatsegula maphunziro awo dzina langa adzaliganizira. Ngongole ya alamu ndinamaliza kubweza. Mwana wa mlongo wanga ali ndi zipsera ziwiri pamkono ndipo amaopabe agalu, ngakhale ang'onoang'ono. Kwathu sabwera, ndipo ife sitimukakamiza. Tikafuna kumuona timapita ku Mufakose.